Njinga ikamalira "tswiii", funsani kaye kuti ikulira nthawi yanji

Anzanga, ambiri mumaidziwa njinga yamoto ya matayala atatu ija imadutsa kuseri kwa sukulu yathu itasenza matumba a chimanga. Ndi ya amalume anga, ndipo makope, yunifolomu ndi nsapato zanga zimachokera pa njinga imeneyo. Loweruka lililonse ndimawathandiza kukweza ndi kutsitsa katundu. Mwezi wathawu inayamba kulira "tswiii" ngati khoswe wogwidwa pamsampha. Ndati ndikuuzeni mmene tinapezera vuto lake, poti ambirife kwathu kuli njinga, kaya yamoto kaya yakapalasa.

Poyamba amalume ankati ndi fumbi chabe, phokosolo lisiya lokha. Mnzawo wina anawauza kuti angothira oyilo patayala limene likulira, nkhani ithe. Mwamwayi tinayamba tapita kwa amakaniko a pamsika. Iwo sanathamangire sipanala ayi. Anangofunsa kuti, "Achimwene, kodi imalira nthawi yanji?"

Ine ndinaona ngati akutitayitsa nthawi, koma funso limeneli ndiye linali chida chachikulu. Chitsulo chikamakhulana ndi chinzake chimanjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndi kumene timamva ngati kulira. Tsono chinthu chimalira pokhapokha chikugwira ntchito. Ukadziwa nthawi imene phokoso likumveka, wadziwanso mbali yoti uyang'ane.

Amakaniko anatigawira nkhaniyi panayi. Njinga ikamalira itaima, injini yokha ikuyenda, matayala alibe mlandu chifukwa sakuzungulira; vuto lili cha kuinjini. Ikamalira pokhapokha mukudutsa m'mabampu, kawirikawiri ndi masipuling'i a kumbuyo kapena timalabala take tatha. Ikamalira ulendo wonse, phokoso n'kumakula liwiro likamakwera, ngakhale mutagwira kilatchi, kayikirani ma bearing a tayala kuti mwina girizi anauma. Koma ikamalira mukaponda buleki, musachedwe, vuto lili pamabuleki.

Amalume anaganiza pang'ono n'kunena kuti kale inkalira akaponda buleki basi, koma masiku amenewo inali itayamba kukwecha ngakhale asanaponde. Apa mpamene amakaniko anayamba kugwira njinga. Anazimitsa injini, anatsamiritsa matayala enawo ndi miyala kuti isagubuduke, kenako anainyamula ndi jeke mbali imodzi ya kumbuyo. Anagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Anati likanakhala kuti likugwedera, bwenzi tikunena za bearing, koma linali nganganga. Atalizunguza ndi manja, tonse tinamva "kwe, kwe, kwe" mkati mwake. Tayala la mbali inayo linazungulira lili chete.

Atatsegula, ndinaona koyamba mmene buleki ya mtundu umenewu imagwirira ntchito. Tayala limazungulira limodzi ndi chitsulo chooneka ngati poto, chimene amachitcha drum. Mkati mwake muli tizitsulo tiwiri topindika ngati mwezi ukangooneka kumene, timene amati ma shoe. Pamsana pa shoe iliyonse amamatapo chikhakha cholimba. Mukaponda buleki, ma shoe amatambasuka n'kukanikiza drum, tayala n'kuchepa liwiro. Chikhakhacho chimaperepeseka pang'onopang'ono, makamaka ngati njinga imasenza katundu wolemera m'njira za mchenga ngati zathuzi. Pa njinga ya amalume chinali chitatheratu mbali imodzi, moti chitsulo chinali chitayamba kudya chinzake. Mu drum munali kale timizere tokandika.

Ndinkafuna kuuzira fumbi lakuda limene linali mmenemo, koma amakaniko anandigwira phewa. "Iwe mphwanga, fumbi limeneli si labwino m'mapapo. Pukuta ndi kansalu konyowa."

Amalume atawauza za nzeru yothira oyilo ija, amakaniko anagwira pakamwa. Buleki imagwira chifukwa cha kukhulana, pamene ntchito ya oyilo ndi kuchepetsa kukhulana. Phokoso likanatha ndithu, koma buleki ya tayala limenelo ikanatheranso pomwepo. Ndiye ganizirani: tayala limodzi la kumbuyo likugwira, linalo likungoterereka. Njinga imakokera mbali imodzi, ndipo ya matayala atatu ikasenza katundu wambiri sichedwa kugubuduka. Ine ndinakumbukira chitsetso chija chotsikira kumlatho, pamene ndimakhala pamwamba pa matumba. Thupi lonse linachita tsemwe.

Anasintha ma shoe a matayala onse awiri a kumbuyo, ngakhale kuti linkalira linali limodzi, n'cholinga choti azigwira mofanana. Amalume anadandaula kuti phindu la tsiku limenelo lathera pompo, koma amakaniko anati akanachedwa, bwenzi akugulanso drum, yomwe ndi yodula kuposa ma shoe.

Ngati kwanu kuli njinga imene yayamba kulira, yambani mwamvetsera: itaima, m'mabampu, ulendo wonse, kapena poponda buleki? Mukapita kwa amakaniko muli ndi yankho limeneli, ntchito yawo imafupika. Girizi ndi oyilo n'zapatcheni ndi ma bearing, osati pabuleki. Ndipo ikakhala kuti ikulira ndi buleki, auzeni akuluakulu mwaulemu kuti asakwezepo katundu kapena munthu mpaka itaonedwa.

Loweruka lapitali tinatsika chitsetso cha kumlatho chija ndi matumba asanu. Ndinatchera khutu mpaka kutsidya, koma ndinangomva injini yokha.

Wolemba ndi mnzanu wa Fomu 2