Musanaike Ubuntu, konzani kaye hard disk

Pa 14 October 2025, Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse pa Windows 10. Makompyuta ambiri akale sakwanitsa Windows 11 poti alibe TPM 2.0, ndiye ena akusamukira ku Ubuntu, yomwe ndi yaulere. Koma disk imafuna kukonzedwa kaye.

Mkati mwa hard disk muli timbale ta maginito tozungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi. Deta imasungidwa potembenuza mbali imene timadontho ta maginito taloza, zija timaphunzira pa magnetism. Quick format siifufuta timadonthoti. Imangochotsa kaundula wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili, ndipo zatsopano zikalembedwa pamwamba, zakale zapita basi.

Choncho yambani ndi kukopera manotsi, zithunzi ndi mapepala akale a MANEB pa flash ina, ndipo muwatsegule muone ngati akuwerengeka. Kenako ikani Ubuntu pa flash ya 8 GB kapena kuposa pogwiritsa ntchito Rufus. Flash imeneyi imafufutidwa yonse.

Pogawa disk, sankhani GPT ngati kompyuta ili ndi UEFI. MBR ndi ya makina akale, ndipo siidutsa 2 TB. Ubuntu imagwiritsa ntchito ext4, Windows NTFS. Onetsetsani kukula kwa disk musanadine, kuopa kufufuta yolakwika.

Kuno ku Ntaja magetsi amazima osatsanzika. Akazima disk ili mkati mogawidwa, kompyuta ingakanike kuyaka bwino. Tchajani laputopu idzaze. Desktop ikhale pa UPS.