Ndime ya Chipulula mu Chikho cha Akatswiri a Handball ku Ulaya

Handball ndi masewero a matimu awiri, a osewera 7 mbali iliyonse, omwe amapikisana poponya mpira ndi manja m'golo lotchingidwa ndi goloboyi. Wowerenga wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi m'Zambia, yemwe anakulira pa mpira wamiyendo ndi netiboli, angawamvetse msanga atadziwa kuti golo ndi goloboyi n'zofanana ndi za mpira wamiyendo, pomwe kupatsirana mpira kumayandikira kwa netiboli, kungoti wosewera amaloledwa kuyenda mapazi atatu mpira uli m'manja, kuugunditsa pansi akuthamanga, ndiponso kutchinga mdani ndi thupi. Bwalo lake ndi la mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi, ndipo kutsogolo kwa golo lililonse kuli malo a mamita 6 omwe amapondamo ndi goloboyi yekha. Masewero amatenga mphindi 60, zogawidwa pawiri, ndipo pakati pa matimu akuluakulu si zachilendo kuti mbali iliyonse imwetse zigoli 30. Kuchuluka kwa zigoliku ndiko kumachititsa kuti ndime ya chipulula, yomwe timu yogonja imatulukiratu mu mpikisano, iyende mosiyana kwambiri ndi ya mpira wamiyendo.

Mpikisano waukulu kwambiri wa makalabu a amuna ndi EHF Champions League, womwe unayamba mu 1956 ndi dzina lakuti European Cup, ndipo kuyambira mu 1993 umayendetsedwa ndi bungwe la European Handball Federation, lomwe likulu lake lili ku Vienna. Dongosolo lake lakhala likusinthidwa kangapo. M'zaka za 2021 mpaka 2025 matimu 16 ankagawidwa m'magulu awiri, ndipo timu iliyonse inkasewera masewero 14, pakwawo ndi koyenda, kupambana kukupereka mapointi awiri ndipo kufanana mphamvu pointi imodzi. Matimu awiri apamwamba pa gulu lililonse ankapita mwachindunji m'kotafainolo, ndiko kuti ndime ya matimu 8 otsiriza. Othera pa nambala 3 mpaka 6 ankayamba alimbana m'ndime yapadera yolowera, wachitatu wa gulu lina kukumana ndi wachisanu ndi chimodzi wa gulu linzake, wachinayi ndi wachisanu. Matimu awiri akumunsi pa gulu lililonse ankatsazikana ndi mpikisano pomwepo.

Chofunika kuchiona m'dongosolo limeneli n'chakuti mpata wokonza cholakwa umacheperachepera pa ndime iliyonse. M'gulu, timu ikhoza kugonja katatu kapena kanayi n'kupitabe patsogolo. M'ndime yolowera ndi m'kotafainolo mpatawo umatsika kufika pa mphindi 120 za masewero awiri, pa matimu anayi otsiriza umafika pa mphindi 60, ndipo zikakanika apo nkhani yonse imatsalira pa mipira isanu yonga mapenate yoponyedwa ndi mbali iliyonse. Ndime iliyonse imayesa luso losiyana ndi la inzake, n'chifukwa chake timu yotsogola m'gulu siikhala nthawi zonse yonyamula chikho.

Kusewera kawiri, pakwawo ndi koyenda, kenako n'kuphatikiza zigoli, n'kodziwika bwino kwa okonda mpira wamiyendo m'Zambia, omwe sanaiwale momwe Zesco United inagonjetsera Mamelodi Sundowns 2-1 ku Ndola mu semifainolo ya CAF Champions League ya 2016, n'kukagonja 2-0 ku South Africa ndi kutuluka ndi zigoli 3-2 zonse pamodzi. Mu mpira wamiyendo chigoli chimodzi chimalemera kwambiri, ndipo timu yotsogola ndi zitatu ikhoza kuunjikana kumbuyo n'kudikira kuti nthawi ithe. Mu handball zimenezi sizitheka, pakuti malamulo amaletsa kusunga mpira popanda cholinga choponya pagolo: woyimbira akaona kuti timu ikungodya nthawi amakweza dzanja, ndipo ikapatsirana kangapo osaponya imalandidwa mpira. Wotsogola amakakamizidwa kupitiriza kuponya, ndipo mpira uliwonse wophonya umabala mpata wa mdani kuthamangira ku golo linalo m'masekondi ochepa chabe.

Chitsanzo chomveka bwino chinaoneka m'kotafainolo ya 2024, pomwe Montpellier ya ku France inaswa THW Kiel ya ku Germany 39-30 pakwawo. Ambiri anaona ngati nkhani yatha, koma m'masewero achibwereza ku Kiel eni bwalo anapambana 31-21, n'kupita patsogolo ndi zigoli 61-60. Kusiyana kwa zigoli 9 kumamveka kwakukulu, koma kukagawidwa pa mphindi 60 kumangofuna kuti timu yotsalira ipose inzake ndi chigoli chimodzi pa mphindi zisanu ndi chimodzi zilizonse, zomwe timu ya luso ingathe ikakhala pamaso pa ochemerera ake. Zigoli zopezedwa m'masewero oyamba zili ngati chimanga chomwe chidakali m'munda, chomwe mlimi sachiwerengera chisanalowe m'nkhokwe. Timu yomwe inathera pamwamba m'gulu ndiyo imapatsidwa mwayi wosewera masewero achiwiri pakwawo, ndipo iyi ndiyo mphoto yeniyeni ya khama la miyezi yoyambirira.

Pali zinthu zitatu zomwe zimatembenuza masewero mofulumira chotere, ndipo nthawi zambiri zimabwera motsatizana. Choyamba ndi goloboyi, yemwe akatchinga mipira itatu kapena inayi motsatana amalowetsa mantha mwa oponya, moti amayamba kulunjika m'mbali kwambiri n'kumamenya mtengo wa golo. Chachiwiri ndi chilango cha mphindi ziwiri, chomwe wosewera wochita zankhanza amatulutsidwa nacho kwa kanthawi, timu yake n'kutsala yoperewera munthu. Chachitatu chinakula ndi lamulo la 2016, lomwe linapeputsa njira yochotsera goloboyi n'kulowetsa wosewera wina woukira, golo n'kutsala lopanda mlonda. Mphunzitsi wochita zimenezi amapeza munthu woonjezera kutsogolo, koma mpira ukangotayika mdani amauponya kuchokera kutali n'kulowa m'golo lapululu. Njirayi imathandiza timu yomwe yatsala m'mbuyo ndipo ilibe chotaya, koma aphunzitsi ena amaigwiritsa ntchito mopitirira muyeso, mpaka kupereka okha zigoli zomwe mdani sanazikhetsere thukuta.

Kale, zigoli zikafanana pa masewero awiriwo, inkapita patsogolo timu yomwe yamwetsa zambiri koyenda. Lamuloli linathetsedwa mu 2022, ndipo kuthetsedwa kwake kunali koyenera, chifukwa m'masewero a zigoli 50 kapena 60 linkapereka mphoto kwa timu yomwe yangopezeka m'masewero othamanga kwambiri koyenda, osati yomwe yasewera bwino koposa. Tsopano zikafanana amapita ku mipira ya pa mamita 7, yomwe ili ngati mapenate: woponya amaima pa mzere wa mamita 7 kuchokera pagolo, osadumpha, moyang'anizana ndi goloboyi yekha. M'kotafainolo ina ya 2024 Kielce ya ku Poland ndi SC Magdeburg ya ku Germany zinapambana ndi chigoli chimodzi iliyonse pakwawo, ndipo Magdeburg inapitirira kudzera m'mipira imeneyi. Aliyense amene anaona Stoppila Sunzu akumwetsa penate yomwe inapatsa Zambia chikho cha Africa ku Libreville mu 2012 akudziwa katundu amene wosewera amasenza pa nthawi yotereyi.

Kwa zaka zambiri kufikira mu 2009 ndime yomaliza nayo inkaseweredwa kawiri, koma kuyambira mu 2010 matimu anayi otsiriza amasonkhana mumzinda wa Cologne ku Germany, m'holo ya Lanxess Arena yolowa anthu pafupifupi 20,000, pa mwambo wotchedwa Final4. Masemifainolo onse awiri amachitika Loweruka, ndipo Lamulungu kumakhala masewero olimbirana nambala 3, kenako fainolo. Okumana m'semifainolo amasankhidwa mwa maere, palibe chibwereza, ndipo zigoli zikafanana amaonjezera mphindi 10, zogawidwa pawiri, asanapite ku mipira ya pa mamita 7. Kiel ndiyo inayamba kunyamula chikho m'dongosolo limeneli itagonjetsa Barcelona 36-34.

Kusintha kumeneku kunasintha ngakhale mndandanda wa opambana. M'nthawi ya fainolo ya masewero awiri Barcelona inatenga chikho kasanu motsatizana, kuyambira 1996 mpaka 2000, ndipo Ciudad Real, nayonso ya ku Spain, inachitenga mu 2006, 2008 ndi 2009. Ku Cologne zinthu zinayenda mwina: kuyambira 2013 mpaka 2018 chikho chinapita kwa makalabu 6 osiyana, omwe ndi Hamburg, Flensburg-Handewitt, Barcelona, Kielce, Vardar ya ku Skopje ndi Montpellier, ndipo panalibe timu yomwe inachiteteza kufikira Barcelona itatero mu 2021 ndi 2022. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Pa mphindi 120 timu ya osewera ambiri aluso imakhala ndi nthawi yodzuka ikapunthwa, pomwe pa mphindi 60 goloboyi mmodzi amene zamuyendera tsiku limenelo akhoza kugwetsa ntchito ya chaka chonse.

Fainolo ya 2016 ndiyo imakumbukiridwa koposa pa nkhaniyi. Veszprém ya ku Hungary inkatsogola Kielce 28-19 kutatsala pafupifupi mphindi 15, koma Kielce, yomwe mphunzitsi wake anali Talant Dujshebaev, inamwetsa zigoli 9 zotsatizana popanda mdani kuyankha ngakhale kamodzi, goloboyi Sławomir Szmal akutchinga mipira kumbuyo. Nthawi inatha zili 29-29, nthawi yoonjezera inatha zili 35-35, ndipo Kielce inapambana 4-3 pa mipira ya pa mamita 7, womaliza ataponya Julen Aguinagalde. Veszprém, yomwe ili ndi ochemerera okhulupirika kwambiri, inafika m'fainolo mu 2002, 2015, 2016 ndi 2019 ndipo inagonja konseko. N'zomvetsa chisoni kuti kalabu yomwe yakhala pakati pa zamphamvu kwa zaka zoposa 20 imakumbukiridwa makamaka ndi mphindi 15 zimenezo, ndipo apa ndipo pamaonekera kuuma mtima kwa dongosolo la Final4.

Mtengo wina umalipiridwa ndi matupi a osewera. Handball ndi masewero ogundana, odumpha ndi kugwa pa bwalo lolimba, ndipo kusewera kawiri m'masiku awiri, kumapeto kwa nyengo yaitali ya ligi ndi maulendo, n'kolemetsa mapewa ndi mawondo. Mu 2023 Gísli Kristjánsson wa ku Iceland anaguluka phewa m'semifainolo yomwe Magdeburg inagonjetsa Barcelona, koma mawa lake anasewerabe fainolo yolimbana ndi Kielce, yomwe timu yake inapambana 30-29 pa nthawi yoonjezera, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Kulimba mtima kwake n'koyamikika, koma mpikisano womwe umaika munthu wovulala chotere pa chisankho chakuti asewere pasanathe tsiku limodzi uyenera kufunsidwa mafunso. Komabe dongosololi silinalephere pa zomwe analikonzera, pakuti holo imadzaza chaka ndi chaka ndipo masewerowa amaonetsedwa pa wailesi yakanema m'maiko ambiri.

Mu Africa mpikisano wofanana nawo ndi African Handball Champions League, womwe unayamba mu 1979 pansi pa bungwe la CAHB la ku Abidjan, ndipo matimu onse amasonkhana m'dziko limodzi kwa masiku owerengeka, kuyambira m'magulu mpaka m'fainolo, m'malo moyenderana. Makalabu a kumpoto, monga Zamalek ndi Al Ahly a ku Egypt komanso Espérance ya ku Tunisia, ndiwo akhala akulamulira, ndipo osewera a kumeneko afika mpaka pamwamba ku Ulaya: Wael Jallouz wa ku Tunisia ananyamula chikho ndi Barcelona mu 2015, ndipo Ali Zein wa ku Egypt anachita chimodzimodzi mu 2022. Zambia nayo ili m'masewerowa kudzera m'bungwe la Handball Association of Zambia. Handball inali m'gulu la masewero oyambirira pa Olympic Youth Development Centre ku Lusaka, yomwe inatsegulidwa mu 2010, ndipo timu ya dziko ya amuna inasewera nawo mpikisano wa maiko a mu Africa ku Tunisia mu 2020 ndi ku Cairo mu 2024.

Lusaka ili pa mtunda wa pafupifupi makilomita 500 kuchokera ku Katete, ndipo mwana wa ku Vubwi kapena ku Sinda sangadikire kuti akafike kumeneko kuti aphunzire kuponya mpira. Masewerowa safuna zambiri poyamba, chifukwa bwalo la mamita 40 ndi 20 limakwana m'mbali imodzi ya bwalo la mpira wamiyendo la pasukulu, ndipo golo la mamita atatu m'lifupi ndi awiri m'mwamba mmisiri wa matabwa angalikhome. Vuto lenileni ndi mayendedwe, pakuti timu yochokera ku Vubwi, kumalire ndi Malawi ndi Mozambique, imayenera kudutsira ku Chadiza kapena ku Chipata kuti ikafike ku Sinda, ndipo ulendo wotere kawiri pa ndime iliyonse ungathe ndalama za sukulu mpikisano usanafike pakati. M'madera otere kusonkhanitsa matimu pamalo amodzi, monga amachitira ku Cologne ndi m'mpikisano wa makalabu a mu Africa, ndiyo njira yotheka, ngakhale kuti kuyenderana kawiri ndiko kumaonetsa bwino timu yamphamvu. Aphunzitsi ndi akuluakulu a zamasewero omwe angasankhe njirayi ayenera kuyamba ndi magulu kuti timu yochokera kutali isabwerere itangosewera kamodzi, kupereka nthawi yopuma yofanana kwa matimu awiri a m'fainolo, ndi kulemba lamulo la zigoli zikafanana mpira woyamba usanaponyedwe.