Ndani ali ndi chiphaso chouza banja za majini?

Ine ndimaphunzitsa fizikisi kuno kwa Lukwa, koma funso limene mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa sabata yatha linali la bayoloje. Mwana woyamba wa azakhali ake ali ndi matenda a sickle cell. Munthu wina wogulitsa mankhwala pamsika anawauza kuti asadandaule, chifukwa "mmodzi mwa anayi" wadutsa kale, atatu otsatirawo adzakhala bwinobwino. "Aphunzitsi, ndi zoona?"

Si zoona ayi. Tengani makobiri awiri muwaponye m'mwamba. Mwayi woti onse agwere mbali ya mutu ndi umodzi mwa inayi. Muwaponyenso, mwayi ndi womwewo, chifukwa kobiri silikumbukira mmene linagwera poyamba. Majini nawonso ali choncho. Ngati bambo ndi mayi onse ali ndi jini imodzi ya sickle cell, ngakhale iwowo sadwala, mimba iliyonse ili ndi mwayi wa 25 peresenti woti mwana atengere jiniyo kwa onse awiri n'kudwala. Khungu lachialubino limayendanso motero: jini imachokera kwa makolo onse, ndiye bambo wothamangitsa mkazi wake pa chifukwa chimenechi akuthawa jini yake yomwe.

Pali anthu amene ntchito yawo ndi kufotokozera mabanja zoterezi, otchedwa genetic counsellor. Salamula banja chochita, amangolithandiza kumvetsa zotsatira za kuyezetsa kuti lisankhe lokha. Ku America, boma la Utah ndi limene linayamba kupereka ziphaso za ntchitoyi mu 2002. Ku South Africa munthu amayenera kukhala ndi digiri ya Masters, ngati imene amapereka ku Wits kapena ku University of Cape Town, agwire ntchito moyang'aniridwa, kenako alembetse ku Health Professions Council of South Africa.

Chiphasocho si pepala chabe. Makolo anu salima fodya wopita ku okushoni osalembetsa ku Tobacco Commission, nanga mawu amene angathetse ukwati angoyankhulidwa ndi aliyense? Wolembetsedwa akanamiza anthu, pali komudandaulira ndipo atha kulandidwa chiphaso. Wapamsika uja mukamudandaulira kuti?

Kwathu kuno madokotala ndi ma clinical officer amalembetsa ku Medical Council of Malawi, anamwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Mtsikana uja ndinamuuza kuti azakhali ake ndi amuna awo apite limodzi kuchipatala akafunse anthu amenewa, ndipo ndinamubwereka makobiri awiri kuti akawasonyeze kunyumba.