KUKONZANSO NJINGA YA MOTO YAKALE

M'dziko la Italy muli mzinda wochedwa Pontedera, m'mene kampani ya Piaggio inali kupangira injini za ndege. Pa Nkhondo Yaciwiri ya dziko lonse nyumba zace za nchito zinaphwanyidwa ndi mabomba. Nkhondoyo itatha m'caka ca 1945, miseu inali yoonongeka, ndipo anthu ambiri analibe ndalama zogulira galimoto. Tsono mwini kampaniyo, Enrico Piaggio, anapempha mmisiri wa ndege, dzina lace Corradino D'Ascanio, kuti apange cokwera ca mtengo wocepa. M'caka ca 1946 inaturuka njinga ya moto ya magudumu ang'onoang'ono, ya mtundu umene uchedwa sikuta. Anaicha Vespa, ndiko kunena mabvu m'cinenero ca kumeneko, popeza m'ciuno mwace ndi mocepa, kumbuyo kwace n'kotupa, ndiponso imalira ngati mabvu. Pofika caka ca 1956 anali atapanga njinga zotere 1,000,000.

Vespa zoyambazo zakalamba tsopano, ndipo zambiri zinasiyidwa kuseri kwa nyumba, zitacita dzimbiri. Koma ku Italy, ku England ndi ku maiko ena kuli anthu amene amazifunafuna, nazigula, nazikonzanso kufikira zitayenda monga kale. Nchito imeneyi ifuna nzeru kuyambira tsiku logula.

Coyamba cimene wogula ayenera kudziwa ndi mapangidwe a njingayo. Njinga yopalasa iri ndi felemu ya mipope imene isenza wokwera. Vespa iribe felemu yotere. Thupi lace lonse ndi malata acitsulo opindidwa ndi kuochereredwa pamodzi, ndipo thupilo ndilo lisenza injini, wokwera ndi katundu wace. Ifanana ndi nkhanu, imene iribe mafupa m'kati, koma mphamvu yace iri m'cigoba. Cifukwa cace dzimbiri likadya malata a popondera mapazi, ladya msana weniweni wa njingayo, ndipo ikhoza kuthyoka pakati munthu ali pa liwiro.

Akuluakulu anati, "Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere." Ogulitsa ena osakhulupirika amamata mabowo a dzimbiri ndi phala louma msanga, napaka utoto wonyezimira pamwamba. Wogula wocenjera sakopeka ndi utoto. Amagwada pansi nayang'ana kunsi kwa njinga, kumene madzi ndi matope zimakhalitsa. Amatenganso maginito nayendetsa pa thupi lonse. Pamene pali citsulo maginito amagwira; pamene anamatapo phala locindikala sagwira bwino. Pambuyo pace amaima kumbuyo kwa njinga kuti aone ngati magudumu awiriwo ali pa mzere umodzi, pakuti imene inacitapo ngozi kawirikawiri imakhala yokhota. Ndipo asanapereke ndalama amalinganiza nambala yodindidwa pa thupi la njinga ndi imene yalembedwa pa mapepala ace. Zikasiyana, kapena njingayo njobedwa, ndipo wogula angataye ndalama ndi njinga yomwe.

Injini yakufa siopsa monga thupi loola, pakuti injini ya Vespa njosabvuta kukonza. Iri ndi pisitoni imodzi yokha, ndipo ikhala ku dzanja lamanja pambali pa gudumu la m'mbuyo, nilitembenuza popanda unyolo. Wogula akaponda citsulo coliza injini, namva kuti cirikulimba pang'ono, adziwa kuti pisitoni ikali ndi mphamvu. Cikakana kutsika konse, ndiye kuti kapena pisitoniyo inagwidwa ndi dzimbiri.

Atafika nayo kwao, wokonza amamasula ciwalo cimodzicimodzi, osathamanga. Mabauti a malo amodzi amawaika m'kacitini kaokao, nalembapo kumene acokera, cifukwa nchitoyi ikhoza kutenga miyezi yambiri, ndipo mutu umaiwala. Ayamba ndi thupi. Amapala utoto wonse wakale kufikira citsulo cioneke, nadula malata oola, naocherera atsopano. Kupaka utoto ndiyo nchito yotsiriza ya pa thupi.

Tsono atembenukira ku injini. Petulo wokhalitsa amasanduka ngati ulimbo, natseka timabowo ta m'kabuleta, mmene petulo asanganikirana ndi mpweya. Kotero thanki ndi kabuleta ziyenera kutsukidwa bwino. Amaika pulagi yatsopano kuti moto uziyaka m'injini. Zonse za mphira, monga matayala ndi zotsekera mafuta, amazitaya ngakhale zioneke zabwino, popeza mphira wokalamba amauma nang'ambika. Amasinthanso mawaya okoka mabuleki, kilachi ndi magiya. Pa Vespa yakale magiya asinthidwa popotoza cogwirira ca ku dzanja lamanzere, ndipo buleki ya m'mbuyo ipondedwa ndi phazi lamanja. Waya wa buleki ukaduka pa citunda, moyo wa wokwera uli pa ngozi.

Pali cinthu cina cimene mwini watsopano sayenera kuiwala. Injini za Vespa zakale ziribe malo osungiramo oilo wofewetsa pisitoni monga galimoto. Oiloyo amamsanganiza ndi petulo m'thanki momwemo. Zoyambirira zinali kufuna magawo 5 a oilo pa magawo 100 a petulo. Zambiri za m'ma 1960 zifuna magawo 2 okha. Munthu akathira petulo yekha, pisitoni imatentha nigwira, ndipo nchito ya miyezi yambiri imaonongeka pa ulendo umodzi.

Zonse zitabwezedwa m'malo mwace, wokonza amayesa mabuleki ndi nyali pabwalo asanalowe mu mseu. Amabvala cisoti colimba, nayenda pang'onopang'ono masiku oyamba kuti ziwalo zatsopano zizolowerane. Njinga yokonzedwa motere ikhoza kutumikira mwini wace zaka zina zambiri, ngakhale inapangidwa iye asanabadwe.

MAFUNSO

1. Kodi dzina lakuti Vespa litanthauzanji, ndipo anaicha motero cifukwa ninji?
2. Fotokozani kusiyana kwa thupi la Vespa ndi la njinga yopalasa.
3. Kodi maginito amthandiza bwanji wogula?
4. Ngati m'thanki mwathiridwa malita 5 a petulo, ndipo pafunika magawo 2 a oilo pa 100, oilo akhale wocuruka bwanji?
5. Lembani nchito za wokonza monga mwa mndandanda wace, kuyambira pa kumasula kufikira pa ulendo woyamba.