Juga ndi Chilango cha Moyo Wonse pa Maseŵera

Loŵeruka kapena Lamulungu masana, anthu a ku Msundwe, Namitete ndi Nsaru akazinga bwalo kudzaonerera mpira, chimene chimaŵaimika padzuŵa mpaka madzulo n'chakuti palibe amene akudziŵa mbali imene ipambane. Lero tikamba za anthu amene amagula mapeto a maseŵera asanayambe n'komwe, ndiponso za chilango chimene chimagwera ogulidwawo.

M'chaka cha 2019, bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse la FIFA lidaletsa anthu asanu ndi atatu kuchita chilichonse chokhudza mpira kwa moyo wao wonse. Mmodzi mwa iwo adali Mmalaŵi, Hellings Mwakasungula, amene adaseŵerapo mu timu ya Silver Strikers ndi ya dziko lino. Bungweli lidati anthuŵa adakhudzidwa ndi chinyengo chofuna kupotoza maseŵera a pakati pa maiko pofuna kupindulitsa otchova juga, ndipo mwini chiwembucho adali Wilson Raj Perumal wa ku Singapore.

Kodi chinyengo chotere chimayenda bwanji? Wobetcha wamba amangolota. Koma munthu ngati Perumal safuna kulota ai. Amapita kwa wapagolo, otchinga kumbuyo kapena woimbira mpira, naŵapatsa ndalama kuti zigoli ziloŵe monga wapangira. Kenaka anzake, ali kutali ku maiko a ku Asia, amabetcha ndalama zambiri pa zimene akuzidziŵa kale. Amasankha dala oseŵera a malipiro ochepa kapena ochedwa, chifukwa munthu wa njala savuta kumnyengerera. N'zimene zidaoneka ku Finland m'chaka cha 2011, pamene bwalo lamilandu la mu mzinda wa Rovaniemi lidapeza olakwa anyamata asanu ndi aŵiri a ku Zambia amene ankaseŵera kumeneko.

Kuno kwathu ziphuphu zidamvekapo ngakhale popanda juga. Mu 2017 oimbira anai adapatsidwa chiletso cha moyo wonse chifukwa cha maseŵera a chikho a Nchalo United ndi Chitipa United. Nkhaniyo idaululika chifukwa a Nchalo, atagonja pa mapenate, adakaitanitsa ndalama zao!

Ena mwa inu mungafunse kuti: munthu wakuba mbuzi amatsekeredwa natuluka, nanga woseŵera amtayiranji mpaka imfa? Yankho lake tilipeza ku Amereka, pa maseŵera a baseball, omwe munthu amamenya kampira ndi chibonga nathamanga kuzungulira ngodya zinai za bwalo. M'chaka cha 1919, timu ya Chicago White Sox, imene ambiri ankaiyesa yamphamvu koposa, idagonja kwa Cincinnati Reds pa mpikisano waukulu wotsiriza. Pambuyo pake zidamveka kuti ena mwa oseŵera ake adalandira ndalama kwa otchova juga kuti agonje dala. Mlandu udaloŵa m'bwalo, ndipo mu 1921 bwalolo lidaŵapeza osalakwa.

Chimwemwe chao chidatha usiku umodzi. M'maŵa mwake Kenesaw Mountain Landis, woweruza milandu amene eni matimu adampatsa udindo woyang'anira maseŵerawo, adalengeza kuti oseŵera asanu ndi atatu sadzaponda pabwalo la akatswiri mpaka kale. Mmodzi, Buck Weaver, sadalandire ndalama, koma adamva za chiwembucho nakhala chete. Nayenso adapita nawo. Wina, Joe Jackson, katswiri woposa onsewo, adamenya bwino kwambiri pa mpikisanowo, koma adali atavomera kuti adalandira madola 5,000. Maganizo a Landis adali akuti bwalo lamilandu limafuna umboni wosakaikitsa, koma maseŵera amakhalira chikhulupiriro cha oonerera. Munthu akayamba kukaika ngati wapagolo wagwa mwangozi kapena mwadala, salipiranso pachipata.

Lamulo lidakhazikika lakuti wobetcha pa maseŵera amene iye mwini alimo achotsedwe kotheratu. Lidagwira Pete Rose mu 1989, munthu amene adamenya bwino kampira ka 4,256, kuposa wina aliyense m'mbiri ya maseŵerawo. Iye ankabetcha ali mphunzitsi wa Cincinnati Reds. Adakana kwa zaka zambiri, navomera mu 2004, akuti ankabetcha kuti timu yake ipambana. Izi sizidampulumutse, pakuti mphunzitsi amene waikapo ndalama lero angathe kutopetsa oseŵera ake abwino osaganiza za maŵa. Rose adamwalira mu 2024 ali woletsedwabe, ndipo dzina lake, pamodzi ndi la Jackson ndi anzake, lidafafanizidwa pa mndandanda wa oletsedwa mu 2025, onse ali m'manda.

Ine chimene chimandiŵaŵa, omvera, n'chakuti chikwapu chimenechi chimatera pamsana pa wogulidwa, wogulayo n'kungopsepsedwa. Bungwe la maseŵera lili ndi mphamvu pa oseŵera okha. Mwini ndalama sakhala m'kaundula wake. Arnold Rothstein wa ku New York, amene ambiri amakhulupirira kuti ndiye adali kumbuyo kwa chiwembu cha 1919, sadaimbidwe mlandu pa nkhaniyo. Perumal, amene adaononga maina a anyamata a maiko ambiri a mu Africa, bwalo la ku Finland lidamlamula kukhala m'ndende zaka ziŵiri.