Moto Umodzi, Nthano Imodzi

Sewero la pa TV la Doctor Who linayamba pa BBC mu 1963, ndipo litaukitsidwa mu 2005 linabala mphukira ziwiri zosiyana ngati usiku ndi usana. Torchwood inatuluka mu 2006, ya akuluakulu, yochitikira ku Cardiff, yodzaza magazi, kutukwana ndi zakuchipinda. Mu 2007 kunabwera The Sarah Jane Adventures pa CBBC, ya ana. Mlembi woziyambitsa ndi mmodzi, Russell T Davies, zilombo zakumlengalenga n'zapachibale, koma oonera anagawidwa ngati mbale zapaukwati: ana kwawo, akulu kwawo.

Okonda seweroli sanasiye kukangana. Ena amati Sarah Jane ndi zachibwana, sangatayirepo nthawi. Ena amati Torchwood inanyazitsa nyumba yomwe inabadwiramo. Onsewo funso lawo ndi limodzi: kodi ili analembera ine?

Funso limeneli kwathu kunalibe. Agogo akati "Padangotelo", oyankha kuti "Tilitonse" tinali tonsedi, kuyambira kamwana kosinza pamwendo mpaka amalume okazinga chimanga pambali. Nthano za Kalulu nazonso ndi mphukira zosawerengeka: lero wapusitsa Fisi, mawa Njovu, mkuja Kamba wamugwira pachitsime chomwe anakana kukumba nawo. Palibe ankati iyi ndi ya ana, iyo ya akulu. Mwana ankaseka kuti Kalulu wagwidwa. Wamkulu ankaweramitsa mutu, podziwa kuti akunena uja amazemba ntchito ya mudzi koma pomwa madzi amakhala patsogolo. Zachinsinsi zinali ndi kwawo, kutsimba ndi kudambwe, ndipo zinali chiphunzitso china, osati nthano yomweyo yothira tsabola.

TV itafika m'Malawi mu 1999, inapeza khalidwe lomwelo. M'nyumba zambiri inkakhala imodzi, pabalaza, ana a aneba atadzaza pamkeka. Sewero la Tikuferanji linkakamba za Edzi, nkhani yolemera, koma Manganya ankaiyendetsa mwakuti mpongozi ndi mkamwini atha kuonera limodzi. Ndipo tonse tikuwadziwa mayi amene, anthu akayamba kupsompsonana mufilimu, amatuma mwana kuti akatunge madzi akumwa pomwe ludzu alibe.

Sindikunena kuti sewero la akulu okha n'loipa. Torchwood inakula zenizeni mu 2009, m'chigawo chotchedwa Children of Earth. Zilombo zinafuna kupatsidwa mwana mmodzi pa ana 10 alionse apadziko, ndipo akuluakulu a boma la Britain, atakhala patebulo, anagwirizana zopereka ana a m'sukulu zosakhoza bwino kuti awo apulumuke. Ndinaonera mtima uli m'mwamba. Chimene chinachititsa nkhaniyi kukhala ya akulu si mawu otukwana ayi, koma kuona anthu ovala masuti akusankha ana a osauka modekha chonchija.

Amene ndimatsutsana nawo ndi onyoza za ana. Elisabeth Sladen anayamba kusewera ngati Sarah Jane mu Doctor Who mu 1973, ndipo m'sewero lake la ana munali umasiye, imfa ndi kusungulumwa, zokambidwa mwaulemu. Atamwalira mu 2011 seweroli linathera pomwepo, ndipo olira sanali ana okha. Ku America nako, Star Trek: Prodigy ya mu 2021 inali ya ana, koma itachotsedwa pa Paramount+ mu 2023, akuluakulu ndi amene anaimenyera nkhondo mpaka Netflix inaitenga.

Inu amene mukulemba masewero athu, tsiku limene mudzatipangire nkhani zakumlengalenga m'Chichewa, musadzaiwale kuti pabalaza pathu pamakhala agogo ndi adzukulu. Mwa mphukira ziwiri za Doctor Who zija, yomwe ndingawayatsire onsewo osaopa kanthu ndi Sarah Jane.