Makina ogonetsera odwala mano: kupepuka kokha sikokwanira

Ku United States kuli madokotala ogonetsa odwala amene sagwirira ntchito m'chipatala chachikulu. M'mawa amapakira makina m'galimoto n'kupita kukiliniki ya mano komwe akudikiridwa ndi mwana wamano ambiri obooka, munthu waulumali yemwe sangathe kukhala phee pampando, kapena wamkulu wofunika kuzulidwa mano angapo tsiku limodzi. Kwa anthu otere, jekeseni wadzanzi sakwanira, ayenera kugona tulo tofa nato.

Madokotala a mano ndi ena mwa amene adayambitsa luso logonetsa. Mu 1844, Horace Wells wa ku Hartford adazulitsa dzino lake atapuma mpweya wa nitrous oxide, ndipo mu 1846 William Morton adaonetsa mphamvu ya ether ku Boston. Komabe ntchitoyi siyamasewera. Ku Britain, odwala angapo atamwalira pampando wa mano, boma lidalamula kuti kuyambira 2002 kugonetsa kotheratu kuzichitikira m'chipatala basi. Kumene malamulo amalolabe, wogula makina onyamulika amasenza udindo waukulu, chifukwa kukiliniki kulibe chipinda cha odwala mwakayakaya chothamangirako.

Choyamba kufunsa ndi okosijeni. Makina abwino salola kuti nitrous oxide aziyenda yekha. Okosijeni akachepa, amalira belu n'kutseka mpweya winawo. Pakamwa pa silinda pamakhala timabowo tolowana ndi timisomali ta pamakina, kuti munthu asamangirire mpweya wolakwika ngakhale ali pachangu. Silinda yaing'ono ya mtundu wa E imasunga malita pafupifupi 660. Ikamatulutsa malita 6 pa mphindi, siifika maola awiri, choncho ina yodzaza iyenera kukhala pambali.

Chachiwiri ndi zida zoonera kapumidwe. Dokotala wa mano amagwira ntchito m'kamwa momwe mumadutsanso mpweya, ndipo madzi, magazi kapena thonje zingatseke njira mwakachetechete. Kachida kopanira chala kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, koma kamachedwa kudandaula. Chida choyeza carbon dioxide wotuluka m'mapapo ndicho chimaulula msanga kuti wodwala wasiya kupuma, n'chifukwa chake bungwe la American Dental Association lidachiika m'malangizo ake a 2016.

Kenako pali kabotolo kosandutsa mankhwala monga sevoflurane kukhala nthunzi. Kena kakapendekeka paulendo kali ndi mankhwala, kamatha kupereka mlingo wopitirira, motero wogula afunse momwe kamatsanulidwira ndi kumangidwira. Mankhwalawa amathanso kuyambitsa malignant hyperthermia mwa anthu ochepa obadwa ndi vutoli: minofu imauma, thupi limatentha koopsa. Wogwiritsa ntchito sevoflurane asayambe popanda dantrolene, mankhwala othana ndi vutoli, pafupi. Mpweya wotsala nawo ufunika paipi youtulutsira kunja, kuti ogwira ntchito m'kachipinda kothina asamaupume tsiku ndi tsiku.

Pa nkhani ya magetsi, Malawi ali ndi phunziro. Dr Paul Fenton, yemwe adagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, adaona makina okwera mtengo akungokhala chifukwa chosowa magetsi ndi okosijeni. Adapanga Universal Anaesthesia Machine, yomwe imadzisefera okosijeni kuchokera mumpweya wa m'chipinda, ndipo magetsi akathima ntchito imapitirira ndi mpweya womwewo. Makinawa ndi aakulu, oyenera m'chipatala, koma funso limene amayankha ndi lomwe wogula aliyense ayenera kufunsa: zonse zikathima, wodwala apuma bwanji? Batire imatha mphindi zingati? Kodi pali thumba lopopera mpweya pamanja? Nanga zipangizo zosinthira ndi katswiri wokonza akupezeka kuti?

Pamwamba pa zonsezi pali munthu. Mu 2019 mabungwe a American Academy of Pediatrics ndi American Academy of Pediatric Dentistry adalangiza kuti mwana akagonetsedwa kwambiri, pakhale katswiri wina woyang'anira tulo ndi kapumidwe kokha, osati yemwe akuzula dzino. Kiliniki imene ingakwanitse kugula makina koma osakwanitsa kulipira katswiriyo ndi kuphunzitsa antchito kutsitsimutsa wodwala, ichita bwino kutumiza mwanayo kuchipatala chachikulu.